"Chazimanso": kuthana ndi mavuto a chionetsero cha kanema ndi mawu mu holo ya malata

Ntchito yoyamba yomwe ndinaimika mu holo pa Kasungu boma inali ya fodya. Ndinajambula manja okhaokha, manja a amayi akusoka fodya ndi a munthu wopukusa jeke m'chigafa cha ku Chamama, ndipo chithunzicho ndinkachiponya pa ziguduli zosokedwa pamodzi zomwe tinazipachika pakati pa chipinda. Kuseri kwa zigudulizo kunali masipika awiri otulutsa kaphokoso ka masamba ouma ndi kulira kwa jeke podinda belo. Pakhomo ndinaikapo sensa yomva munthu akamadutsa, kuti mawu azikwera wina akalowa. Tsiku lotsegulira zonse zinayenda bwino. Tsiku lachitatu, cha m'ma 2 koloko masana, mlonda anandiimbira: "Achimwene, chinthu chanu chija chazimanso. Anthu akungoona chiguduli."

Mawu akuti "chazimanso" ndawamva kokwanira kuchokera tsiku limenelo, pa ntchito zanga ndi za anzanga amene timathandizana. Vuto silikhala lachilendo. Ndi omwewo asanu kapena asanu ndi limodzi amene amangosinthana, ndipo gwero lake ndi limodzi. Zipangizo zathuzi tinazolowera kuziyatsa maola awiri ife tili pomwepo, monga poonetsa mpira kapena kanema wa ukwati. Chionetsero cha mtundu uwu chimafuna ziyende kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, sabata yathunthu, mwini wake ali kwina. Choncho ntchito yeniyeni ndi kuchimanga moti chikagwa chizidzuka chokha.

Si ife tokha amene timavutika nazo. Nam June Paik, wa ku Korea uja amene anayamba kugwiritsa ntchito ma TV ngati zida za luso mu 1963 ku Wuppertal, anamanga nsanja ya ma TV 1,003 pafupi ndi Seoul mu 1988. Mu 2018 eni nyumba yachionetsero anaithimitsa chifukwa zipangizo zinali zitakalamba, ndipo inadzayakanso mu 2022 akatswiri atalimbana nayo zaka zingapo.

Musanazule waya aliyense

Mukafika, funsani kaye amene analipo: chazima nthawi yanji, magetsi a m'chipinda anaphethira kapena ayi, nanga pa pulojekita pakuyaka kagetsi ka mtundu wanji. Musiyireni mlonda kabuku ndi cholembera kuti azilemba nthawi iliyonse chikazima. Kwa ine kabuku kameneka n'komwe kanaulula zonse. Masiku atatu otsatizana, chinkazima pakati pa 1 ndi 2 koloko, magetsi alipo. Chinthu chozima pa nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, dzuwa lili pamutu, n'kutentha.

Pulojekita ikuzima yokha masana

Babu la pulojekita wamba limadya ma watt 200 mpaka 300, ndipo gawo lalikulu la mphamvuyo limasanduka kutentha. M'kati muli koyezera kamene kamathimitsa babu kutentha kukapyola muyezo, ndiye mumaona kagetsi kofiira kapena ka olenji pamene palembedwa TEMP. Ambiri mwa mapulojekitawa anapangidwira mpweya wosapitirira madigiri 35 kapena 40. Tsopano ganizirani holo ya malata yopanda siling'i mu Okutobala, mazenera onse otsekedwa ndi pulasitiki wakuda kuti mukhale mdima. Kuonjezera apo, ine ndinali nditabisa pulojekitayo m'katoni yopaka utoto wakuda kuti isamaoneke. Inkapuma mpweya wake womwe wotentha.

Ichotseni m'bokosi lililonse, ndipo mbali zomwe kuli timabowo ta mpweya pasiyidwe mpata wa theka la mita. Musaipachike ku denga pafupi ndi malata ngati pali njira ina, chifukwa mpweya wotentha kwambiri umasonkhana kumeneko. Kuitsitsa ndi mita imodzi yokha kumasintha zinthu. Pa mazenera, tsekani kuwala koma osati mphepo: m'malo momata pulasitiki, pachikani mphasa kapena nsalu yakuda motalikira pang'ono ndi zenera lotsegula, kuti mpweya uzilowera m'mbali. Mu menyu sankhani Eco, chithunzi chichepa kuwala pang'ono koma kutentha kutsika ndipo babu likhalitsa. Ngati muli mawu akuti High Altitude, yatsani. Amangochititsa fani kuthamanga kwambiri, ndipo phokoso lakelo ndi laling'ono poyerekeza ndi chionetsero chozima.

Kenako fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la m'misewu ya kuno limalowa paliponse. Tsegulani kachitseko ka sefa ka pulojekita muone. Yanga inali ndi chikhakha chofiirira chochindikala ngati bulangete. Igwedezeni panja, ipukuteni ndi kaburashi kofewa, ndipo m'nyengo imeneyi muzitero m'mawa uliwonse. Osesa m'holo awaze madzi pansi asanayambe kusesa, ndipo asese pulojekita isanayatsidwe. Usiku iphimbeni ndi chitenje, koma ikazizira kaye, fani itasiya kuzungulira.

Ngati zonsezi zachitika koma ikuzimabe, ipatseni nthawi yopuma. Lembani pakhomo kuti chionetsero chimapuma kuyambira 12:30 mpaka 2 koloko. Anthu amamvetsa, ndi nthawi ya nsima. Kanema akamayenda modumphadumpha masana okha koma m'mawa ali bwino, yang'ananinso kakompyuta komwe kakumuseweretsa. Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kokwana m'dzanja, imadzichepetsa yokha liwiro ikafika madigiri 80 mpaka 85, ndiye imafuna kachitsulo koziziritsa ndi mpweya.

Magetsi apita, abwera, koma chionetsero chagonabe

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe ntchito zambiri zimafera. Kuthima kwa magetsi sitingakuletse. Chomwe tingaletse n'chakuti kuthima kwa mphindi ziwiri kusanduke kuthima kwa tsiku lonse chifukwa palibe wodziwa kuyatsanso.

Poyamba tetezani zipangizo. Magetsi akazima mwadzidzidzi, fani ya pulojekita imaima babu lili moto, ndipo kuliyatsanso pompopompo kumalifupikitsa moyo. Komanso magetsi akamabwerera nthawi zina amabwera mosakhazikika, okwera kapena otsika kusiyana ndi ma volt 230 oyenera. Kachipangizo komwe timaika pa firiji, fridge guard, kamathandiza pa zonse ziwirizi: kamadikira mphindi zingapo kasanatsegule magetsi, ndipo kamadula akakwera kapena kutsika mopyola. Kamapezeka m'mashopu a zamagetsi, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa babu latsopano loitanitsa ku Lilongwe.

UPS, kabokosi ka batire komwe kamapitiriza kupereka magetsi akangothima, ndi yabwino, koma dziwani malire ake. Ya 650VA imapereka ma watt pafupifupi 360 kwa mphindi zochepa chabe. Ntchito yake ndi kudumphitsa kuphethira kwa magetsi ndi kupereka mpata wothimitsa bwino. Si yopitirizira chionetsero. Mukafuna kupitiriza ndi batire, werengerani. Batire la 12V 100Ah lili ndi ma watt-hour 1,200, koma la mtovu simuyenera kulimwa kupyola theka, ndiye muli ndi 600. Pulojekita ya ma watt 250, ampulifaya ya 50 ndi kakompyuta ka 10 zikupanga 310. Maola awiri sakwana. TV ya LED ya mainchesi 43 sidya ngakhale ma watt 100, ndiye batire lomwelo lingakufikitseni kutali. Nthawi zina yankho ndi kuganizanso za ntchitoyo: kodi ikufunikadi chithunzi chachikulu cha pakhoma?

Utali wa kanema nawonso ndi chitetezo. Samson Kambalu, Mmalawi amene chosema chake cha John Chilembwe chinaima pa Trafalgar Square ku London mu 2022, ali ndi timakanema take ta Nyau Cinema tosapitirira mphindi imodzi. Iye ali ndi zifukwa zake za luso, koma ife tingatolepo nzeru ina: kanema wamfupi wozungulira sataya kanthu magetsi akadula. Wa mphindi 40 akadukira pakati, woonera amanyamuka ndipo sabwereranso.

Tsopano kudzuka kokha. Chipangizo chilichonse pa mndandanda chiyenera kuyaka popanda chala cha munthu. Pa pulojekita fufuzani Direct Power On kapena Auto Power On. Pa kompyuta ya pa desiki lowani mu BIOS, menyu yomwe mumalowamo kompyuta ikangoyatsidwa, ndipo pamene palembedwa Restore on AC Power Loss musankhe Power On. Chotsani pasiwedi yolowera, ikani pulogalamu yoseweretsa kanema kuti izitseguka yokha ndi kubwereza, thimitsani kugona kwa sikirini. Ichotseninso pa intaneti. Tsiku lina ndinapeza uthenga wofuna update utakhala pakati penipeni pa manja a amayi aja, ndipo unakhalapo m'mawa wonse.

Raspberry Pi imayaka yokha magetsi akabwera, koma ili ndi chofooka chake: akadula pamene ikulemba pa memore khadi, khadiyo imatha kuonongeka osadzukanso. Mu raspi-config, menyu yake yosinthira zinthu, muli Overlay File System. Mukamaliza kukonza zonse yatsani zimenezo, ndipo khadi siilembedwanso kanthu. Koperani khadi yachiwiri yofanana ndendende, muiike mu envulopu, muimate ndi tepi pansi pa tebulo. Raspberry Pi musaipatse tchaja ya foni yongotola. Pi 4 imafuna 5V 3A, ndipo tchaja yofooka imaichititsa kuzima ndi kuyaka mosadziwika bwino mpaka mungaganize kuti vuto ndi fayilo.

Pali kamsampha kena komwe kanandisowetsa mtendere masiku awiri. Zonse zayaka, koma pa chiguduli pangolembedwa No Signal. Chimachitika n'chakuti kakompyuta kamadzuka msanga, kamayang'ana pa HDMI, chingwe chotumiza chithunzi ku pulojekita, kamapeza pulojekita isanakonzeke, ndiye kamaganiza kuti palibe sikirini. Chedwetsani kakompyutako ndi mphindi imodzi, kapena kauzeni m'mafayilo ake oyambira kuti kazitumiza chithunzi pa HDMI ngakhale kasakuona kanthu. Ndinene mosabisa: ngati ntchito yanu ndi kanema mmodzi wongobwereza, kabokosi kotchipa koseweretsa kanema wa pa fulashi, kokhala ndi Auto Play ndi Repeat, kamapirira kuposa laputopu yodula.

Sipika ikung'ung'udza

Mvetserani kaye mtundu wa phokosolo. Ngati ndi "mmmm" wakuya wosasintha, amenewo ndi magetsi athu a 50Hz alowa m'njira ya mawu. Zulani chingwe cha mawu pa ampulifaya. Phokoso likapitirira, vuto lili mu ampulifaya kapena pa soketi yake. Likasiya, bwezerani chingwecho ndipo zulani tchaja ya laputopu. Likasiyanso, mwapeza: zipangizo ziwirizo zikufika ku earth, waya wa chitetezo wopita m'nthaka, kudzera njira zosiyana, ndipo kamagetsi kakuyenda m'chingwe cha mawu. Lumikizani zonse pa ekisitenshoni imodzi yabwino yochokera pa soketi imodzi. Zikakanika, ikani ground loop isolator kapena DI box, timabokosi todutsitsa mawu koma totchinga kamagetsiko, pakati pa kompyuta ndi ampulifaya. A zokuzira mawu m'matchalitchi ndi pa maukwati ambiri ali nazo, ndipo angakubwerekeni kuti muyesere musanagule. Chingwe cha mawu chikamapita kutali chikhale cha XLR, chonga cha maikolofoni, ndipo chisayende mogundana ndi cha magetsi. Pokumana zidutsane mopingasa.

Wina adzakuuzani kuti mungothyola mwendo wachitatu wa pulagi ndipo phokoso litha. Nthawi zina limathadi. Chonde musachite. Mwendo umenewo ndi womwe umateteza munthu waya akakhudza chitsulo cha ampulifaya, ndipo m'chionetsero mumalowa ana a sukulu opanda nsapato pa simenti, ogwira chilichonse.

Phokoso likakhala "zzzz" wakuthwa amene amayamba mukangosamukira pa batire, ndi inveta, chipangizo chosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a pa soketi. Zotchipa zambiri ndi za modified sine wave, ndipo palibe isolator imene ingachotse kulira kwake. Pa ntchito ya mawu pamafunika ya pure sine wave. Jenereta nayo ikhale kutali, kuseri kwa khoma, panja pomwe utsi sungalowe m'chipinda chotsekedwa mazenera.

Mawu ndi chithunzi zasiyana

Madzulo ena agogo ena anakhala pa benchi nthawi yaitali akuyang'ana chiguduli. Potuluka anandikodola nati, "Mwanawe, jekeyu akulira yekha bwanji, munthu atasiya kale kupukusa?" Anali olondola. Anthu a kuno amadziwa fodya ndi thupi lawo lonse, ndipo mawu akachedwa ngakhale pang'ono amamva kuti china chake chanama.

Kusiyanaku kuli mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ngati mawu akuchedwa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kawirikawiri ndi Bluetooth, yomwe imachedwetsa mawu mwachibadwa. Gwiritsani ntchito chingwe. Kotsalako konzani mu VLC, pulogalamu yoseweretsa kanema: mabatani a J ndi K amasuntha mawu ndi ma millisecond 50 mukadina kamodzi.

Ngati m'mawa zili pamodzi koma pofika madzulo zatalikirana, ndiye kuti pali mawotchi awiri. Ine ndinkaseweretsa kanema pa kakompyuta, mawu pa foni yakale. Zipangizo ziwiri siziwerenga nthawi mofanana ndendende. Kusiyana kwa gawo limodzi pa 1,000, ngati komwe kuli pakati pa mafulemu 30 ndi 29.97 pa sekondi, kumabala masekondi 3.6 pa ola, pafupifupi theka la mphindi pa maola 8. Ikani mawu ndi chithunzi mu fayilo imodzi, yoseweredwa ndi chipangizo chimodzi. Ngakhale masikirini akhale awiri, pangani kanema mmodzi wotambalala wa 3840 x 1080 ndipo kompyuta imodzi imugawe pawiri.

Kanema wojambulidwa pa foni ali ndi vuto lina: foni imasinthasintha chiwerengero cha mafulemu malinga ndi kuwala. Musanayambe kudula ndi kulumikiza, mudutsitseni mu HandBrake, pulogalamu yaulere, musankhe Constant Framerate pa 25. Mawu onse akhale a 48kHz, osasakaniza ndi a 44.1. Ndipo pojambula pansi pa magetsi a m'nyumba sankhani 25 kapena 50 m'malo mwa 30 amene mafoni ambiri amabwera nawo. Mizere yoyendayenda imene imaoneka pa chithunzi imabwera chifukwa 30 sagwirizana ndi 50Hz ya kuno, ndipo ikalowa mu kanema kuichotsa n'kovuta.

Sensa ikuona mizukwa, kapena sikuona munthu

Sensa ya PIR, monga HC-SR501 yomwe ambiri timalumikiza ku Arduino, kachipangizo kolamulira zipangizo zina, siona munthu ngati kamera. Imamva kutentha kukamasuntha. Ndiye kuwala kwa dzuwa kolowera pa bowo la lata, nsalu yotentha yokupizidwa ndi mphepo, ngakhale mleme wa ku denga, zonse zimaidzutsa. Mbali inayi, m'chipinda mukatentha kufika pafupi ndi kutentha kwa thupi la munthu, imayamba kuphonya anthu enieni. Ivekeni kapaipi ka katoni kuti izingoyang'ana pakhomo pokha, ndipo iikeni m'mbali kuti munthu aziidutsa mopingasa, osati kuilunjika, chifukwa imamva bwino choncho. Ikangoyaka imatenga pafupifupi mphindi imodzi ikubwebweta, ndiye pulogalamu yanu isaimvere pa nthawi imeneyo. M'nyengo yotentha yesani HC-SR04, yoyeza mtunda ndi mawu osamveka m'khutu mpaka mamita 4, ngakhale nayo imasokonezeka ndi zovala zofewa zochindikala.

Chofunika koposa: musalole kuti sensa ikafa ntchito yonse ife. Yanga tsopano imayimba chapansipansi nthawi zonse, sensa imangokweza. Ikalephera, wolowa amapezabe kanthu.

Tina ting'onoting'ono. Fayilo yoposa 4GB siilowa pa fulashi yofomatidwa mwa FAT32, ndipo timabokosi tina takale sitiwerenga exFAT, kafomatidwe kolola mafayilo aakulu, ndiye chepetsani kanemayo akhale MP4 ya H.264 pa 1080p. Chingwe cha HDMI chopitirira mamita 10 chimayamba kuthwanimitsa chithunzi, bola kusendeza kakompyuta pafupi ndi pulojekita. Holo ya simenti ndi malata imabweza mawu mpaka kusamveka, koma mphasa pansi ndi ziguduli m'makoma zimameza phokosolo, ndipo masipika ang'ono oikidwa pafupi ndi anthu amaposa aakulu okuwa patali. Nthawi ya mvula zulani zonse pa soketi usiku chifukwa cha ziphaliwali, ndipo m'mawa yenderani mawaya ndi maso, makoswe amakonda otsamira khoma.

Kuyesa komaliza

Tsiku limodzi musanatsegule, yatsani zonse m'holo momwemo, osati kunyumba, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pakati pa tsiku pitani pa soketi yaikulu muthimitse mwadala, dikirani mphindi khumi, muyatse, ndipo manja muwaike m'thumba. Chionetsero chibwerere chokha mpaka mawu. Chikafuna kuti mugwire rimoti kapena mausi, simunamalize. Bwerezani katatu.

Kenako muitaneni mlonda achite yekha inu mukuyang'ana. Pa chipangizo chilichonse matani tepi yolembedwa nambala, 1, 2, 3, motsatira kayatsidwe kake, ndipo mabatani osafunika aphimbeni. Pakhoma pafupi ndi soketi pakhale pepala la Chichewa la zilembo zazikulu. Langa limati: "Magetsi akabwera dikirani mphindi zisanu, chiyaka chokha. Kagetsi kofiira kakayaka pa nambala 1, thimitsani, tsegulani zitseko, dikirani theka la ola. Madzulo dinani batani la nambala 1 kawiri, fani ikasiya kulira ndiye muthimitse pakhoma. Zikakanika musatsegule chilichonse, lembani nthawi m'kabuku ndipo mundifulashe."